Sub yanu siinali ya gong'a, anaipha ni afita

Mwezi watha mng'ono wanga anabwela kunyumba na Corolla yake ya ex-Japan, ija anagula na ndalama za zaka zitatu zogulitsa mafoni mu tauni. Akalibe kuzima injini, fungo linafika kale pamene n'naimilila: fungo la vanishi yakupsa, limene aliyense amene anatenthapo speaker amalidziwa bwino. Sub ya mainchi 12, yogula masabata atatu chabe apitawo, inali itafa. Mukaikankha na dzanja inali kukhwekhweleza monga muli mchenga mkati. Afita amene anaimanga anamuuza kuti, "Boyi, anakugulitsa ya gong'a. Bwela na ndalama nikupezele original." Iyi inali sub yachiwili. Yoyamba nayonso, ati inali ya gong'a.

N'natsegula buti kuti nione amp. Gain inali kumapeto. Bass boost kumapeto. Nthambo ya power inachoka ku batili, kupita pa chibowo cha nsimbi kumbuyo kwa injini, kuyenda pansi pa kapeti mpaka ku buti, yopanda fyuzi olo imodzi. Earth anaimanga pa bauti ya mpando, pamwamba pa penti. Apa mkwiyo wa sub unatha, n'nayamba kuyamika Mulungu kuti motoka ikali motoka ndipo mwana wa amayi anga akali moyo.

Nifuna kukamba poyela chimene ambili amakamba chamumtima. Ma sub ambili amene amafa mu Lusaka muno amaphedwa na amene anawamanga, ndipo ise eni amotoka timawathandiza kupha. Zinthu za gong'a ziliko, zoona, mashopu ni odzala na ma Pioneer na ma JBL amene sanaonepo fakitale ya Pioneer kapena JBL. Koma mau akuti gong'a asanduka bulangeti yobisamo nchito yoipa. Sub ikafa, mlandu upita ku China, afita agulitsanso ina, amanganso monga poyamba, ndipo pakatha mwezi mubwelanso na ndalama.

Tiyambe na ka knob kamene kamatha ndalama za anyamata kupambana mowa. Gain si volume. Yang'anitsitsani manambala amene analemba mozungulila: ma amp ambili amalemba ma volts, kuyambila pafupi 6 mbali imodzi mpaka 0.2 mbali ina. Tanthauzo lake ni ili. Wailesi ya mu motoka imatumiza nyimbo ku amp kupitila mu nthambo za RCA na mphamvu yochepa, ina 2 volts, ina 4, ina 5. Gain imauza amp kuti, wailesi iyi ikafika pa ma volts akuti, iwe tulutsa mphamvu yako yonse. Nchito yake ni kugwilizanitsa ziwilizi, basi. Amp ya 500 watts ni ya 500 watts gain ikhale pa kota kapena kumapeto. Mukaipotoza mpaka kumapeto simunawonjezele watt olo imodzi. Mwangochititsa kuti amp ifike pa denga lake volume ikali pa 10, ndiye imwe mupitiliza kukweza mpaka 25 chifukwa nyimbo yakoma.

Chimene chimachitika pamwamba pa dengalo ndiye chimapha. Nyimbo imayenda monga mafunde, kukwela na kutsika bwinobwino. Amp ili na malile a ma volts amene ingatulutse. Mukaikakamiza kupitilila, nsonga za mafundewo zimadulidwa, zimakhala fulati. Ndiye clipping imeneyo. Funde lodulidwa kothelatu limanyamula mphamvu kawili kupambana funde labwino la msinkhu umodzimodzi, ndipo mphamvu yowonjezelayo siisanduka bass yokoma, imasanduka kutentha. Mkati mwa sub muli voice coil, kawaya koonda kozengelezedwa, kopakidwa vanishi na kumatidwa na guluu. Kakatentha kwambili vanishi ipsa, guluu isungunuka, kawaya kamasuka n'kuyamba kukhula pa maginito. Ndiye mchenga uja n'namva mu sub ya mng'ono wanga.

Ndipo nyimbo zimene timamvela masiku ano sizipatsa coil mpata wopuma. Log drum ya amapiano imagunda mosalekeza, mphindi zisanu, zisanu na imodzi, nyimbo ina ilowa pomwepo. Onjezaniponso zija timachita download zolembedwa "bass boosted", zimene zinadulidwa kale nsonga zikalibe kufika olo mu flash yanu. Sub ya original, ya mtengo wa lendi ya miyezi iwili, imafa chimodzimodzi ngati mwaidyetsa zimenezi kuchoka ku Chelstone mpaka ku Kafue.

Pali bodza lina limene afita amakonda: "Amp yanu ni ing'ono, ndiye yapha sub. Gulani ikulu." Ganizani pang'ono. Ngati mphamvu yochepa imapha speaker, sembe speaker iliyonse imafa mukachepetsa volume. Amp ing'ono siipha sub. Chimapha ni munthu amene afuna kuti amp ing'ono ilile monga ikulu, n'kuikakamiza kulowa mu clipping tsiku lonse.

Bass boost ni mlongo wake wa gain, ndipo ni woipa kupambana. Masamu ake ni osavuta koma ni ankhanza. Kuwonjezela 3 dB kufuna mphamvu kawili. 6 dB ifuna kanayi. 12 dB ifuna ka 16. Ka knob kaja pa ma amp ambili kamafika 12 kapena 18 dB, pafupi na 45 Hz. Ndiye mukakaika pa 12, mwapempha amp ya 500 watts kuti pa malo amenewo itulutse 8,000. Izaichotsa kuti? Siingakane na pakamwa, imangodula mafunde. Siyani bass boost pa zero. Ngati bass siikukwanani ili pa zero, vuto ili pa bokosi, pa sub kapena pa ukulu wa amp, ndipo knob siizakonza zimenezo.

Manje njila yabwino yoikila gain si ya ma injiniya, ndipo siifuna satifiketi ya TEVETA. Ifuna multimeter, imene mtengo wake sufika olo kota ya sub imene muzatentha, na calculator ya pa foni. Tengani ma watts a RMS amene mufuna, chulukitsani na ma ohms a sub yanu, pezani square root. Sub ya mng'ono wanga ni ya 400 watts RMS, yomangidwa pa 2 ohms. 400 kuchulukitsa na 2 ni 800, square root yake ni 28.3. Ndiye ma volts amene tifuna. Chotsani nthambo za sub pa amp. Zimani loudness, bass boost na zonse za equalizer. Bwezani gain pansi. Lizani injini. Ikani test tone ya 50 Hz, kwezani wailesi mpaka pafupi magawo atatu mwa anayi a volume yake, chifukwa mawailesi ambili nawonso amayamba kudula mafunde akayandikila kumapeto. Ikani multimeter pa AC, gwilitsani pa ma terminal a speaker, kwezani gain pang'onopang'ono mpaka muone 28.3. Lekelani pamenepo. Kuchoka tsiku limenelo, volume ija munaikila ndiye malile anu. Za 50 Hz sizinangosankhidwa: malaiti a ZESCO amayenda pa 50 Hz, ndipo ma multimeter otchipa anapangidwa kuti aziwelenga bwino AC ya mtundu umenewo.

Njila iyi ili na chilema chimodzi, ndipo nizachikamba kuti wina asaniitane wabodza. Multimeter siona clipping. Imangokuuzani ma volts. Ngati amp yanu inanama ma watts ake, muzathamangitsa nambala imene siingafike bwino, ndipo muzalowa mu clipping muli na meter kumanja. Oscilloscope ndiye imaonetsa funde lenileni, ndipo ma amp ena ali na kalaiti ka clip. Koma kwa ise amene tilibe zimenezo, mankhwala ni kudziwa mphamvu yeniyeni ya amp tikalibe kuyamba masamu.

Apa ndiye pali bodza lalikulu la pa katoni. "3000W." "5000W MAX." "PMPO." Manambala awa ni a malonda. Nambala ya nchito ni RMS, mphamvu imene amp ingatulutse mopitiliza, ndipo makampani oona amaiyesa motsatila muyezo wochedwa CTA-2006 (kale CEA-2006): pa 14.4 volts, distortion yosapitilila 1 peresenti. Ngati simukhulupilila katoni, funsani mafyuzi a pa amp, iwo sanama. Amp ya mng'ono wanga inalembedwa 3000W na zilembo zikulu zagolide, koma ili na mafyuzi awili a 25 amps. Pamodzi ni 50. Chulukitsani na 14.4, mupeza 720 watts, ndiye zonse zimene ingakoke ku motoka mafyuzi akalibe kupsa. Amp ya Class D imataya pafupi gawo limodzi mwa asanu monga kutentha, ndiye zotsala ni 570 kapena chapafupi. Ya Class AB imataya pafupi theka. Kumbuyo kwa kabuku, na tuzilembo tung'ono, analemba 500 watts RMS pa 2 ohms. Kuti amp itulutse 3,000 watts yeniyeni ifunika kukoka ma amps opitilila 250, pamene alternator ya Corolla, Vitz kapena Spacio imapeleka pakati pa 70 na 100, ndipo pa amenewo injini, malaiti, fan na aircon zidyapo kale. Ndiye mukamva munthu pa car wash akamba kuti ali na 5,000 watts mu Vitz, mufunseni chabe kuti fyuzi yake ni ya zingati.

Za nthambo ndiye zimanipweteka mtima. Tili mu dziko la kopa. Kopa ya ku Copperbelt, ya ku Kansanshi, ya ku Lumwana imachoka na ma truck usiku na usana kupita ku madoko, ndipo ise ana a dziko lino timamanga ma amp na aluminiyamu yopakidwa kopa pamwamba. Ma wiring kit ambili otchipa ni CCA, aluminiyamu yovala jekete ya kopa. Aluminiyamu imapititsa malaiti pafupi 60 peresenti chabe ya mmene kopa imapititsila, imatentha msanga, ndipo imawola pa ma terminal. Kuizindikila si nkhani: palani kawaya kamodzi na mpeni, mukaona koyela mkati ni CCA. Inyamuleni, ni yopepuka. Chinyengo china ni pulasitiki yonenepa yobisa tumawaya tochepa, pa paketi n'kulemba "4 gauge". 4 gauge yeniyeni ili na nsimbi yokwana 21 mm², 8 gauge ili na 8 mm² na pang'ono. Muziyang'ana podulidwa, osati kunja. Amp ya 500 watts imakoka pafupi 45 amps ikagwila nchito mwamphamvu, pa mtunda wa mamita anayi kapena asanu kuchoka ku batili. Pa nthambo yoonda ma volts amagwa panjila, amp imafika pa denga msanga, ndipo tabwelela ku clipping ija.

Koma sub ni ndalama chabe. Fyuzi ni moyo. Afita ena amakamba kuti, "Amp ili kale na mafyuzi ake." Mafyuzi a pa amp amateteza amp. Nanga nthambo ya mamita asanu imene yagona pansi pa mipando, aiteteza ndani? Batili ya motoka ikachita short imatulutsa ma amps mahandiledi pa kanthawi kochepa. Nthambo ikapita pa chibowo cha nsimbi popanda ka labala kozungulila, ma hump na maenje a mu komboni amaikhula tsiku na tsiku mpaka pulasitiki itseguka. Ikakhudza bodi imafiila monga element ya stovu, kuchoka ku injini mpaka ku buti, pansi pa kapeti, pafupi na mapaipi a petulo. Kuzima injini sikuthandiza, chifukwa nthambo imeneyo yamangidwa ku batili mwachindunji. Fyuzi ifunika kukhala pafupi na batili, osapitilila masentimita 45, ndipo ukulu wake uzilingana na nthambo. Fyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti pali vuto. Kuikamo waya kapena foil ya mu paketi ya fodya kuti nyimbo ipitilize ni kutseka pakamwa mlonda amene akuwa kuti kwabwela akawalala.

Earth nayo ni theka la nchito, chifukwa malaiti onse amene alowa mu amp afunika kubwelela. Nthambo yake ikhale yonenepa monga ya power, yaifupi, yomangidwa pa nsimbi ya bodi yopalidwa penti mpaka iwale. Earth yoipa ndiye imabweletsa kulila kuja kumene kumakwela mukaponda mafuta, na amp yongolowa mu protect popanda chifukwa. Nthambo za RCA zipite mbali ina ya motoka, ya power mbali ina.

Zotsala nizapita msanga. Ma ohms: sub ya ma coil awili a 4 ohms, mukaimanga parallel ni 2, series ni 8. Ma sub awili otelo onse parallel ni 1 ohm, ndipo amp imene siinalembedwe kuti ikwanitsa 1 ohm izatentha. Ma amp ambili a 2-channel mukawachita bridge safuna kutsika pansi pa 4. Low-pass yambani pa 80 Hz. Ngati mukumva mau a Yo Maps akuchokela mu buti, yakwela kwambili. Bokosi ya port ifuna subsonic filter pansi pang'ono pa tuning yake, chifukwa pansi pamenepo cone imangovina yopanda choigwila mpaka ing'ambike. Ndipo bokosi ipangidwe na MDF ya 18 mm motsatila ukulu umene opanga sub analemba, osati zidutswa za wadilopu. Ma ex-Japan ambili amabwela na wailesi imene FM yake imathela pa 90, yopanda ma RCA. Musalole munthu asomeke nthambo za speaker mu mabowo a RCA, pali ka line output converter ka nchito imeneyo, ndipo ma amp ena ali na high-level input.

Nidziwa chimene ena azakamba. Azati afita ni anyamata anzathu, anaphunzila nchito pa mseu, afuna kudyetsa ana, ndipo ine nakhala pa foni kuwanyoza. Sinikunyoza kuphunzila pa mseu. Munthu amene ananiphunzitsa zonse izi ni mdala wina wa auto electrical amene sanafike Grade 9, koma sanamangepo nthambo ku batili popanda fyuzi, ndipo kasitomala akakana kugula fyuzi anali kumubweza na motoka yake. Umphawi suletsa munthu kupala penti pa earth. Ndipo munthu amene apha sub, n'kugulitsa ina, n'kulandila ya labour kawili, si wosauka wofuna chifundo. Bizinesi yake ikuyenda bwino pa msana wa mnyamata amene sadziwa.

Koma ise makasitomala tisadziyeletse. Timalipila liti? Timalipila pamene number plate yayamba kunjenjemela ndipo anthu a pa shopu yapafupi atembenuka. Fita amene aika gain pa malo ake timamuona monga sadziwa nchito, chifukwa ya mnzathu "igunda kupambana". Tilipila chongo cha mphindi zisanu za pa fitting, ndiye afita amatipatsa chimenecho. Ena mpaka timanyadila malaiti akamaphethila motsatila bass usiku. Kuphethila kumeneko ni alternator ikulila kuti yalema. Capacitor siipanga malaiti, imangosunga pang'ono n'kubweza. Ngati mukoka zambili kupambana zimene alternator ipanga, batili ndiye ilipila, ndipo tsiku lina m'mawa muzapempha anyamata a pa komboni kuti akukankheni.

Ndipo makutu. Malamulo a chitetezo cha pa nchito amaika malile pa 85 dB kwa maola 8, ndipo pa 3 dB iliyonse yowonjezela nthawi imadulidwa pakati. Pofika 100 dB zatsala mphindi 15. N'zoona kuti bass yapansi siivulaza msanga monga mau okwela. Koma palibe amene amakweza sub yekha. Bass ikaphimba mau mumakweza ma tweeter na ma 6x9 kuti alingane, ndipo amenewo ndiye amadya makutu. Tumaselo twa mkati mwa khutu tukafa situmelanso. Ka mluzu kaja mumamva mukagona pambuyo pa ulendo si kutopa. Mu motoka yanu, makutu ni anu. Koma mu Hiace ya ku Matero kapena ku Chawama, pamene sub ili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo pa mpandopo pakhala amayi na khanda kumsana, amene sanapemphe, ndipo kondakita aseka mukapempha kuti achepetse, imeneyo si nkhani ya kukonda nyimbo.

Pa Chiwelu tinachotsa zonse mu Corolla ija. Mng'ono wanga anadandaula maningi pa mtengo wa 4 gauge ya kopa yeniyeni, ati, "Akulu, nthambo chabe ndalama zonsezi?" N'namupatsa chidutswa cha yakale kuti apale na mpeni. Anaona zoyela mkati, anakhala chete. Tinaika ka labala pa chibowo, fyuzi ya 60 amps pafupi na batili, tinapala penti, tinamanga sub yachitatu, ya mtundu umodzimodzi na ziwili zija "za gong'a", yogula mu shopu imodzimodzi. Meter inafika pa 28.3 gain ikalibe kufika olo pa theka.

Anamvela nyimbo ziwili atakhala pa mpando wa dalaiva, zitseko zotseka. Potuluka anati bass imveka bwino, log drum iliyonse payokha, koma number plate siinjenjemela monga kale. N'natenga kachidutswa ka tepu yakuda n'kumata pa knob ya gain. Dzulo n'natsegula buti yake iye ali mu bafa. Tepu ikalipo, koma ngodya imodzi yamatuka.